KODI BOMA LIGULE ZIDA ZA NKHONDO POFUNA KUSUNGA ANTHU PA NCHITO?

Ku England, m'cigawo ca Somerset, kuli mzinda waung'ono dzina lace Yeovil, wa anthu pafupifupi 50,000. Mlendo wofika kumeneko sacedwa kudziwa cimene cimadyetsa mzindawo, pakuti mkokomo wa mahelikopita oyesedwa umamveka pamwamba pa madenga, ndipo m'mabanja ambiri muli munthu amene amagwira nchito, kapena adagwirapo kale, pa fakitale yopanga ndegezo. Anthu pafupifupi 3,000 amalandira malipiro ao pa fakitale imeneyo, ndipo ena ambiri amadyera m'masitolo, m'nyumba za lendi ndi m'timafakitale topanga zipangizo zace. Koma katundu wa amisiri amenewa sagulidwa pa msika monga nsalu kapena njinga. Wogula wamkulu ndi mmodzi yekha, ndiye boma. Ndipo boma likazengereza kuitanitsa ndege zatsopano, mzinda wonse sugona tulo.

Pamenepa pali funso loyenera kuliganizira munthu ali yense wokonda cilungamo, ngakhale iye amene sadaonepo fakitale ya ndege. Kodi ndi cabwino kuti boma ligule zida za nkhondo zimene silizifuna kweni-kweni, cifukwa cakuti likapanda kugula anthu acotsedwa nchito? Ndipo ngati si cabwino, kodi boma liri ndi ufulu wakusamba m'manja ndi kuwasiya anthuwo kuti adzionere okha? Mayankho ofulumira alipo awiri, ndipo liri lonse liri ndi kacigawo kace ka coonadi. Komabe onse awiri amasiya munthu wina akulira. Tsono popeza mlandu suweruzidwa osamva kumene udacokera, mpofunika kuyamba ndi mbiri ya mzindawo.

Mmene mzinda udamangidwira pa wogula mmodzi

Kale Yeovil udali mzinda wa zikopa ndi magolovesi, ndipo mpaka lero timu ya mpira ya kumeneko imadziwika ndi dzina la osoka magolovesi. Padalinso kampani ya banja la a Petter, yopanga mainjini a mafuta ogwira nchito m'mafamu. M'caka ca 1915, nkhondo yoyamba ya dziko lonse iri mkati, boma la Britain lidadandaula kuti zida zacepa, ndipo a Petter adapereka fakitale yao kuti boma liigwiritse nchito monga lifunira. Akulu a asilikali a pamadzi adawapatsa nchito yopanga ndege zotera pa nyanja, ndipo umo ndi mmene kampani ya Westland idabadwira. Pa nkhondo yaciwiri amisiri a ku Yeovil adapanga ndege za Lysander, Spitfire ndi Seafire. Nkhondoyo itatha, akulu a kampani adaona kuti ndege zotere sizidzafunikanso zambiri, napangana ndi kampani ya Sikorsky ya ku America kuti azipanga mahelikopita ace mwa cilolezo. Yoyamba, ya dzina lakuti Dragonfly, idauluka mu 1948. Pambuyo pace padabwera Whirlwind, Wessex ndi Sea King.

Pa masiku amenewo Britain idali ndi makampani angapo opanga mahelikopita. Koma m'zaka za 1959 ndi 1960 boma lidaonetsa poyera kuti silingathe kudyetsa makampani ambiri a ndege, ndi kuti nchito zace lizipereka kwa okhawo amene aphatikizana. Motero Westland idagula Saunders-Roe mu 1959, ndipo mu 1960 idatenga nthambi ya mahelikopita ya Bristol pamodzi ndi nchito za ndege za Fairey. Kuyambira pamenepo m'dziko lonse mudatsala wopanga wamkulu mmodzi ndi wogula wamkulu mmodzi. Mu 1962 boma lidalekanso kulipirira ndege ya Rotodyne, imene anthu ankayembekeza kuti idzanyamula apaulendo wamba pakati pa mizinda, ndipo khomo lina lotulukira ku nchito za mtendere lidatsekeka pomwepo.

Dzina lolembedwa pa cipata lasintha kangapo. GKN idagula kampaniyo mu 1994, kenaka idaiphatikiza ndi Agusta ya ku Italy, ndipo kuyambira 2004 mwini wace ndi kampani ya ku Italy imene lero imadziwika kuti Leonardo. Koma cinthu cimodzi sicidasinthe, ndipo mlandu wonse wagona pa ico: kudalira boma kumeneku sikudagwe kokha ngati matalala. Boma lomwe lidakuumba ndi dzanja lace, cifukwa linkafuna kukhala ndi amisiri okonzeka pa tsiku la nkhondo.

Mwana-alirenji ndi njala kusinthana

Malonda a zida za nkhondo ali ndi khalidwe lao-lao. Boma siligula helikopita imodzi mwezi uno ndi ina mwezi wa mawa. Limatha zaka zambiri liri kusinkhasinkha, kenaka liitanitsa makumi angapo nthawi imodzi, ndipo ndegezo zikaperekedwa zimagwira nchito zaka 30 kapena 40. Pa zaka zopanga, fakitale imalemba anthu, anyamata ndi atsikana amaphunzira umisiri, mabanja amatenga ngongole za nyumba. Koma ndege yotsiriza ikangotuluka pa cipata, manja ambiri amatsala opanda cogwira.

Mu 1991 boma lidaitanitsa mahelikopita 44 a Merlin a asilikali a pamadzi. Mu 1995 lidaonjeza ena 22 a asilikali a mumlengalenga, nilisankhanso 67 a Apache, ambiri a iwo olumikizidwa ku Yeovil komweko. Zimenezo zidali zaka za mwana-alirenji. Koma mu Januwale 2002, nchitozo ziri pafupi kutha, kampani idalengeza kuti icotsa anthu 950 ndi kutseka fakitale yace ya ku Weston-super-Mare. Mu 2011 boma lidagula mahelikopita 14 a Chinook kwa Boeing ku America, ndipo caka comweco kampani idalengezanso kuti malo a nchito ofika 375 atha. Mu 2016 ma Apache 50 atsopano adagulidwa kwa Boeing, osadzera ku Somerset. Ndipo caka cotsatira, nchito ya mahelikopita a Wildcat iri kupita kumapeto, fakitale ya GKN ya mu Yeovil momwemo, yopanga matupi a ndegezo, idatsekedwa, anthu oposa 200 nataya nchito.

Wina angafunse kuti: nanga bwanji osagulitsa kunja? Amagulitsa ndithu, komatu kunjako wogula ndi boma linanso, lokhala ndi masankho ace ndi mabvuto ace a ndalama. Canada idapangana zogula mahelikopita a mtundu wa EH101, amene Westland inkapanga pamodzi ndi Agusta. Koma mu 1993 Jean Chrétien atapambana pa masankho adafafaniza panganolo pa masiku oyamba a ulamuliro wace, dziko lace nililipira cindapusa ca pafupifupi madola 500 miliyoni popanda kulandira ndege ngakhale imodzi. Mu 2009 America idafafaniza pangano la mahelikopita a mtundu womwewo oti azinyamula pulezidenti wace, mtengo utakwera kopitirira muyeso. Mmisiri wa ku Yeovil sadabvote nao ku Canada kapena ku America, koma mavoti a kumeneko adafika m'mphika wa ana ace.

Kodi mmisiri wa zida ndi wolakwa?

Alipo anthu ena amene amathetsa nkhaniyi msanga ponena kuti wopanga zida za nkhondo akataya nchito palibe comulirira, popeza nchito yaceyo idali yoipa ciyambire. Maganizo amenewa ngouma mtima, ndiponso ngolakwa. Dziko liri ndi ufulu, indedi udindo, wakuteteza anthu ace kwa wowaputa. Ndipo ngati nkololedwa kutuma msilikali kukateteza malire, nkoyenera kumpatsa cida cabwino. Mmisiri amene amanga bwino mapiko ozungulira a helikopita, nalimbitsa msomali uli wonse podziwa kuti moyo wa mwana wa mnzace udzalendewera pamenepo, acita nchito yolemekezeka. Ndiponso makina omwewo amapulumutsa miyoyo. Ma Sea King acikasu a ku Yeovil adabvuula anthu m'nyanja ndi kutsitsa obvulala m'mapiri a Britain kufikira 2015, ndipo mu 2013 Norway idaitanitsa mahelikopita 16 a AW101 oti azifunafuna osowa pa nyanja.

Colakwa ciri kwina, ndipo nkhani ya ku Egypt iciwonetsa bwino. M'zaka za m'ma 1970 maiko anai, Egypt, Saudi Arabia, Qatar ndi United Arab Emirates, adapanga bungwe lopanga zida, ndipo mu 1978 adagwirizana ndi Westland kuti mahelikopita ambiri a Lynx azilumikizidwa ku Egypt. Mu 1979 Egypt idacita pangano la mtendere ndi Israel, itamenyana nayo nkhondo zingapo. Maiko atatu enawo adakwiya natuluka m'bungwemo, ndipo nchito ya Lynx idafera pomwepo. Tsiku limene amai ambiri a ku Cairo ndi ku Tel Aviv adapumira pansi, podziwa kuti ana ao sadzapitanso ku cipululu kukaphana, lidasanduka tsiku la nkhawa ku Somerset. Comweconso khoma la Berlin litagwa mu 1989, ndipo maiko a ku Ulaya atayamba kucepetsa asilikali ao, m'mizinda yopanga zida cimwemwe cidasakanizika ndi mantha.

Palibe mmisiri wa mtima wabwino amene amapempherera nkhondo. Koma makonzedwe a zinthu amamuika pa malo akuti mtendere ukabwera nsima yace icepe, ndipo ciopsezo cikakula ana ace akhute. Kumuika munthu wolungama pa malo otere ndi kumulakwira kawiri: m'thumba mwace, ndiponso m'cikumbumtima mwace.

Mau a iwo amene ati boma ligule

Amene amafuna kuti boma ligule ali ndi mfundo yolimba, ndipo iyenera kumvedwa mwaulemu. Iwo amati umisiri sugulidwa m'sitolo. Kudziwa kusema magiya onyamula mphamvu ya injini kupita ku mapiko, kapena kuumba mapiko osathyoka pa liwiro lalikulu, ndi nzeru imene imakula m'zaka makumi-makumi, wamkulu kuphunzitsa wamng'ono. Ndi nzeru yotere imene idacititsa kuti mu 1986 helikopita ya Lynx iuluke makilomita 400 pa ola, liwiro limene lidaposa mahelikopita onse a pa dziko lapansi. Amisiri otere akamwazikana sasonkhanitsidwanso, ndipo dziko limatsala likudalira alendo pa tsiku la tsoka. Boma la Britain lidabvomereza zimenezi mu 2005 m'cikalata cace ca za mafakitale a zida, ndipo mu 2006 lidasaina pangano la mahelikopita 70 a Wildcat, amene pambuyo pace adacepetsedwa kufika 62.

Mfundo imeneyi njoona. Koma woganiza bwino aone kuti iyo ndi mfundo ya citetezo ca dziko. Ngati dziko lifunadi kusunga umisiri umenewu kuti lidziteteze, ligule, ndipo liwauze anthu ace mosabisa kuti mtengo wace ndi wakuti. Pamenepo palibe colakwa. Colakwa cimayamba pamene akulu a asilikali sadapemphe cidaco, kapena adapempha cina, koma boma ligula ndithu cifukwa cakuti phungu wa dera lija ali pa ngozi yotaya mpando wace. Zikatero pali anthu atatu amene amalakwiridwa.

Woyamba ndi wokhoma msonkho. Ndalama za boma si za nduna iai. Ndi thukuta la anthu onse, osauka omwe. Ndipo paundi imene yapita ku helikopita yosafunika ikadalemba namwino, mphunzitsi kapena womanga milatho m'mzinda wina. Anthu amenewo saoneka m'nyuzipepala, pakuti munthu amene sadalembedwe nchito alibe cipata cimene angaime ndi cikwangwani. Komabe njala yao njofanana ndi ya ku Yeovil.

Waciwiri ndi msilikali. Iye amatumidwa ku malo a imfa, ndipo cimene ayenera kukwera cisankhidwe poyang'ana moyo wace. Kumpatsa ndege yosayenera nchito yace, kapena kumcedwetsera yoyenera, pofuna kukondweretsa dera lina, ndi kulipira malipiro a wina ndi magazi ace.

Wacitatu ndi mlendo wakutali. Fakitale yosowa wogula kwao imafunafuna kunja, ndipo boma loopa kuti anthu acotsedwa nchito limathandiza kukankha katunduyo kuli konse kumene angalowe. Westland itayesa kupanga helikopita ya anthu wamba, ya dzina lakuti Westland 30, ogula adasowa. Tsono pakati pa zaka za m'ma 1980 boma la Britain lidatenga mapaundi 65 miliyoni m'thumba la cithandizo ca maiko osauka, nilipereka kwa India kuti igule ndege 21 za mtundu umenewo. Ziwiri zidagwa, mu 1988 ndi mu 1989, anthu nafa. Ndipo mu 1991 zotsalazo zidaletsedwa kuuluka. Ndalama zimene zidapatulidwira amphawi a ku India zidathera pa kusunga fakitale ya ku Somerset miyezi yowerengeka. Walira mvula walira matope: wopempha kuti fakitale isungidwe mwa njira iri yonse adziwe kuti njira zina zimadutsa pa msana wa osauka.

Pamwamba pa zonsezi pali ngozi imene Dwight Eisenhower, kazembe wamkulu wa nkhondo yaciwiri amene pambuyo pace adakhala pulezidenti wa America, adacenjeza anthu ace potsazika mu Januwale 1961. Iye adaona kuti asilikali ndi eni mafakitale a zida akagwirana manja angakhale ndi mphamvu yopitirira muyeso pa maganizo a boma. Dziko limene limagula zida kuti lisunge nchito limayamba pang'ono-pang'ono kufunafuna adani oti zidazo zioneke zoyenera.

Mau a iwo amene ati adzionere okha

Poona zonsezi, ena amathawira ku mbali ina. Iwo amati kampani ndi ya eni ace. Ikalephera kupeza ogula igwe, monga imagwera sitolo iri yonse, ndipo anchito akafune nchito kwina. Kumapeto kwa 1985 Westland idafika pafupi kugwa, ndipo boma la Margaret Thatcher lidakana kuiombola ndi ndalama za boma, ponena kuti tsogolo lace alikonze eni ace. Akulu a kampani adafuna kuti Sikorsky ya ku America ndi Fiat ya ku Italy zilowemo. Nduna ya za citetezo, Michael Heseltine, idafuna gulu la makampani a ku Ulaya. Mkanganowo udakula kotero kuti pa 9 Januwale 1986 Heseltine adatuluka m'msonkhano wa nduna natula udindo, ndipo pa 24 mwezi womwewo Leon Brittan, nduna ya za malonda ndi mafakitale, adatulanso, cifukwa ca kalata ya cinsinsi imene idaululidwa kwa atolankhani. Sikorsky ndi Fiat zidapambana. Kwa masabata ambiri dzina la Westland lidali pakamwa pa munthu ali yense ku London. Koma nkhani idali ya nduna ndi ya eni masheya, ndipo mu 1987, phokoso litazizira, anchito ambiri adacotsedwa ndithu.

Kodi tsono boma lingadziyese wogula wamba, amene saona kanthu kokoma pa msika nangobwerera kwao? Iai. Wogula wamba sauza wogulitsa kuti aphatikizane ndi yani. Wogula wamba saletsa wogulitsa kugulitsa kwa ena popanda cilolezo cace, ndiponso samsungitsa zinsinsi zimene sangazigwiritse nchito kwina. Boma limacita zonsezi kwa wopanga zida, ndipo limacita bwino, pakuti zida sizingagulitsidwe ngati tomato. Koma wolamulira motere watenga udindo.

Fanizo lace nali. Mfumu ina iitana wosula wa m'mudzi mwace nimuuza kuti aleke makasu ndi nkhwangwa, azisula mikondo yokha-yokha. Iletsa osula ena, nimletsa iyenso kugulitsa mikondo ku midzi ina osaipempha. Wosulayo amvera, naphunzitsa ana ace ndi adzukulu ace umisiri wa mikondo, mpaka m'banja lonse osatsala wodziwa kusula khasu. Pakapita zaka, adani aja agwirizana ndi mfumu, ndipo mfumuyo iuza wosula kuti nkhokwe yace si nkhani ya bwalo. Palibe nyakwawa imene ingaweruze kuti mfumuyo yacita bwino. Sikuti iyenera kugulabe mikondo yoti iziola ndi dzimbiri, kapena kuputa nkhondo kuti wosula adye. Koma iri ndi mangawa, ndipo akulu adati mlandu suola.

Mangawa ndi malipiridwe ace

Mangawa amenewa ndi a kwa anthu. Boma silidakongole kwa makina, kapena kwa dzina la pa cipata, kapena kwa eni masheya amene adalandira kale phindu lao pa zaka zabwino. Lidakongola kwa munthu amene adapereka unyamata wace kuphunzira umisiri umene boma lokha lingaugule. Ndipo mangawa otere amalipidwa m'njira zitatu.

Poyamba, kunena zoona nthawi ikadalipo. Boma limadziwa zaka zambiri pasadakhale kuti ndege zace zidzakalamba liti, ndi kuti lidzafuna zingati. Kusunga anthu m'ciyembekezo caka ndi caka, kulonjeza pa nthawi ya masankho ndi kuzengereza masankho akatha, ndi bodza, ngakhale palibe liu labodza limene lanenedwa. Bambo wa zaka 45 akauzidwa zoona lero angathe kuphunzira nchito ina; akauzidwa ali ndi zaka 58, wabedwa zaka zimene palibe angambwezere.

Kaciwiri, zimene dziko lifunadi ziitanitsidwe mwa dongosolo. Ngati mahelikopita 60 adzafunika ndithu, nkwabwino kuwapanga pang'ono-pang'ono kwa zaka zambiri kusiyana ndi kulemba khamu la anthu kwa zaka zisanu ndi kuwataya m'caka cacisanu ndi cimodzi. Izi sizionjeza cida ngakhale cimodzi pa dziko lapansi; zimangocotsa nkhanza ya mwana-alirenji wotsatana ndi njala.

Kacitatu, nchito ina ikonzedwe pamene nkhokwe iri yodzaza. Pa mfundo iyi anchito eni ace adatsogolapo kale. Mu 1976 atsogoleri a anchito a kampani ya Lucas Aerospace, imene gawo lalikulu la nchito yace lidali la zida, poona kuti anthu ali pafupi kucotsedwa, adafunsa anzao m'mafakitale onse kuti ndi makina ndi nzeru zimene ali nazo angapange ciani cothandiza anthu. Padatuluka maganizo a zinthu pafupifupi 150, monga makina osefa magazi a odwala impso, makina opanga magetsi ndi mphepo, ndi galimoto yoyenda pa mseu ndi pa njanji pomwe. Akulu a kampani adakana. Lero makina a mphepo aima mbwee m'nyanja zozungulira Britain, ndipo ambiri a iwo adapangidwa ndi makampani a maiko ena.

Kusintha kotere si kwapafupi, ndipo kulephera kwa Westland 30 ndi umboni wace. Fakitale yozolowera wogula mmodzi, wosawerengera mtengo koma ubwino wa cida, imabvutika kupikisana pa msika wa ogula ambiri owerenga khobidi liri lonse. Koma kubvuta kumeneku ndiko cifukwa cace nchitoyo iyenera kuyamba msanga, ndi ndalama za boma ndi za kampani pamodzi, pa zaka zimene malipiro ali otsimikizika. Munda wa caka ca mawa sulimidwa njala itafika kale pakhomo.

Eni kampani ali ndi gawo lao. Iwo amene adatuta phindu la mapangano a boma asagwiritse nchito mabanja a anchito ao ngati cikole pokambirana ndi nduna, kuwakumbukira pokhapo pamene afuna pangano latsopano. Mabungwe a anchito ndi aphungu a deralo ali ndi gawo laonso. Nkwacibadwa kuti apemphe oda yatsopano; koma akapempha yokhayo, mbadwo ndi mbadwo, amathandiza kulimbitsa cingwe cimene cawamanga. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo mzinda umene wasungitsa phukusi lace lonse ku ofesi imodzi ya ku London uyenera kuyamba kulifunsa. Mu 2023 kampani ya zikopa ya Pittards, imene idayamba mu Yeovil mu 1826, idagwa; umisiri wakale wa mzindawo udatsala m'dzina la timu ya mpira, ndipo kudalira fakitale imodzi kudakula.

Yankho la funso

Mu 2024, pa mpikisano wa mahelikopita olowa m'malo mwa ma Puma okalamba, Airbus ndi Sikorsky zidatuluka, Leonardo nitsala yokha ndi ndege yace ya AW149. Kumapeto kwa 2025 mkulu wa kampaniyo, Roberto Cingolani, adacenjeza kuti popanda pangano la boma la Britain fakitale ya ku Yeovil singasungidwe mpaka kale-kale. Wodziwa mbiri adazindikira mau amenewo, pakuti ofanana nao adamveka mu 1985 ndi m'zaka zina zambiri zotsatira. Pangano liri lonse likasainidwa mabanja amakondwa, ndipo palibe angawadzudzule. Koma tsiku lomwelo ndege yotsiriza ya panganolo imayamba kuwerengedwa masiku ace.

Yankho tsono ndi ili. Boma ligule cida pamene citetezo ca anthu cicifunadi, ndipo pa cifukwa cimeneco cokha. Kusunga nchito pakokha sikuyeretsa kugula zida zosafunika, pakuti mtengo wace amalipira wokhoma msonkho, msilikali ndi mmphawi wakutali. Koma boma limene lidaumba mzinda kuti uzilidalira silingaucokere ngati mlendo. Liyenera kuuuza zoona, kuitanitsa mwa dongosolo, ndi kuutsegulira khomo lina nthawi ikadalipo. Pa tsiku losaina pangano, pamene nduna ndi akulu a kampani agwirana canza pamaso pa ojambula zithunzi, pamakhala mnyamata wa zaka 18 amene wangoyamba kumene kuphunzira kusema magiya. Nduna yolungama ndi imene ingamuuze mnyamatayo, mosanama, cimene manja ace adzapanga akadzafika zaka 40, ngakhale dziko lonse litakhala pa mtendere.